Pulinta siinafe, yangosemphana ndi rauta

Pali kalankhulidwe kena kamene kakundiwawa m'makutu. Mwana akafuna kusindikiza ntchito ya kusukulu, pulinta n'kungoti zii, mumva nyumba yonse ikufuula kuti, “Yafa! Sikukonekita!” Chinthu chimene nyali yake ikuyaka sichinafe. Ndipo “kukonekita” ameneyu ndi mlendo wodzakhala pampando mwininyumba ali chiimire. Mwininyumbayo ndi kulumikiza.

Mayina monga pulinta, rauta ndi kompyuta tinawalandira ndi manja awiri, pakuti makolo athu zipangizozi analibe. Koma aneni tili nawo, ndipo ngakuthwa. Munthu ndiye amalumikiza. Pulinta ndi rauta zimalumikizana. Mukati “sizikulumikizana”, lilime lakuuzani kale kuti mlandu uli pakati pa zinthu ziwiri, choncho musaweruze musanamve mbali zonse.

Nthawi zambiri wolakwa sakhala pulinta n'komwe. Marauta ambiri amakono amaulutsa Wi-Fi panjira ziwiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz, pamene mapulinta ambiri a m'nyumba, makamaka akalekale, amamva ya 2.4 GHz yokha. Pena magetsi akathima n'kuyakanso, rauta imapatsa pulinta adiresi ina ya IP: dzulo inali 192.168.1.20, lero ndi 192.168.1.23, koma kompyuta ikugogodabe pakale, kenaka n'kulemba kuti pulinta kulibe. Penanso ndi mawu achinsinsi chabe, chilembo chachikulu mwachilemba chaching'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha: sindikizani tsamba loonetsa za netiweki kuchokera pa pulinta penipenipo, muyerekeze adiresi ndi imene kompyuta ikusunga. Ngati rauta ili ndi batani la WPS, lidineni, ndipo mudinenso la pa pulinta mphindi 2 zisanathe.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi mawu akuti “irisetini”. Mnyamata wodziwa za makompyuta amawatchula pafoni mosaganizira, malume ake kunyumba n'kutenga nsonga ya cholembera, n'kudina kabatani kobisika kuseri kwa rauta mpaka nyali zitaphethira. Basi, dzina la netiweki limene anaika ndi mawu achinsinsi zafufutika, mafoni onse m'nyumbamo aduka. Chonsecho mnyamatayo amangofuna kunena kuti, “Malume, izimitseni, mudikire masekondi 30, muiyatsenso.” Kuzimitsa n'kuyatsanso ndi kwina, kubwezera chipangizo mmene chinalili pochoka kufakitale ndi kwinanso. Chichewa chimasiyanitsa ziwirizi bwino lomwe, ife ndi amene tazithira m'mawu amodzi obwereka.

Ndiwonjezepo kamodzi, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Musamati “pulinta yazimitsa”. Yazimitsa chiyani? Pulinta imazima, wozimitsa ndi inu. Wokonza akamva kuti yazima yokha, ayamba wayang'ana chingwe cha magetsi. Akamva kuti munaizimitsa ndinu, afunsa ngati munaiyatsanso rauta itayamba kale kuulutsa.