Ulendo Umene Terry Fox Anausiyira Panjira

Pa 12 Epulo 1980, Terry Fox, mnyamata wa ku Canada amene anadulidwa mwendo wakumanja chifukwa cha khansa, ananyamuka ku St. John's akuthamanga ndi mwendo wochita kupanga. Ankafuna kudutsa dziko lonselo posonkhetsa ndalama zofufuzira matendawa. Mng'ono wake Darrell anadzamupeza panjira n'kumathandiza pa galimoto yomuperekeza.

Terry atathamanga makilomita 5,373 m'masiku 143, khansa inalowa m'mapapo, ndipo anaima pafupi ndi Thunder Bay. Anamwalira mu Juni 1981.

Mu Seputembala chaka chomwecho anthu anathamanga m'malo mwake, ndipo mwambowu sunalekeke mpaka lero. Kukoma kwake n'koti sapikisana: agogo amayenda pang'onopang'ono, ana amapalasa njinga, ndipo banja limapereka zimene lakwanitsa kusonkhetsa.