Nkhondo ya pa Madagascar mu 1942: kuukira cisumbu kucokera panyanja ndi mumlengalenga

Nkhondo ya pa cisumbu ca Madagascar inamenyedwa kuyambira pa 5 May kufikira pa 6 November 1942, mkati mwa nkhondo yaciwiri ya padziko lonse. Asilikali a Britain ndi maiko ogwirizana nawo analanda cisumbuci m'manja mwa boma la France la Vichy, lomwe linali kumvera Germany. Zombo ndi ndeke zinathandiza kulanda doko lalikulu m'masiku atatu okha, koma kugonjetsa cisumbu conse kunatenga miyezi isanu ndi umodzi, ndipo nchito yaikulu inagwera asilikali oyenda pansi, ambiri a iwo a mu Africa.

Comwe cinayambitsa nkhondoyi

Madagascar ili m'nyanja ya Indian, pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kucokera ku gombe la Mozambique. Panthawiyo zombo zonyamula asilikali ndi zida kupita ku Egypt ndi ku India zinali kuzungulira ku South Africa ndi kudutsa pafupi ndi cisumbuci. Japan italanda Singapore mu February 1942 ndi kuphulitsa madoko a ku Ceylon mu April, Britain inacita mantha kuti boma la Vichy lingalole sitima za Japan zoyenda pansi pa madzi kukhazikika pa doko la Diego Suarez, lomwe lero licedwa Antsiranana, kumpoto kwa cisumbu. Zikanatero, njira ya zombo ikanatsekeka.

Kutsika pa gombe

Zombo zinasonkhana pa doko la Durban. Mkulu wa zombo anali Rear Admiral Neville Syfret, pomwe asilikali a pamtunda anatsogoleredwa ndi Major General Robert Sturges. Pagululo panali zombo ziwiri zonyamula ndeke, Illustrious ndi Indomitable, ndi combo cacikulu ca mizinga cochedwa Ramillies.

Khomo la doko linali kum'mawa ndipo linali lotetezedwa ndi mizinga yamphamvu. Kamba ka ici, asilikali anatsikira kumadzulo, pa magombe a Courrier ndi Ambararata, mbandakuca wa pa 5 May. M'madzi a kumeneko munali matanthwe ndi mabomba ochera, ndipo a France sanayembekezere kuti zombo zingadutsemo usiku. Pofuna kusokoneza adani, combo ca Hermione cinaombera cakum'mawa, ndipo ndeke zinaponya zidole zomangiriridwa ku maparachuti kuti zioneke ngati asilikali.

Nchito ya ndeke

Ndeke zocokera pa zombo zinaphulitsa bwalo la ndeke la Arrachart m'mawa momwemo ndi kuononga ndeke za France zikali pansi. Ndeke za mtundu wa Swordfish zinamiza combo ca Bougainville ndi sitima yoyenda pansi pa madzi ya Bévéziers pa doko. Motero asilikali omwe anali kutsika m'maboti sanavutitsidwe kwambiri kucokera kumwamba, pa nthawi yomwe msilikali amakhala poyera, wopanda pobisala.

Koma pamtunda zinthu zinalimba. Asilikali a Vichy, omwe ambiri anali a ku Madagascar komweko ndi a ku Senegal, anakumba maenje ndi kuika mizinga panjira yolowera m'tauni, ndipo anaononga akasinja a Britain. Usiku wa pa 6 May combo ca Anthony cinathamangira m'doko mumdima ndi kutsitsa asilikali 50 kumbuyo kwa adani. Cisokonezo comwe cinabuka cinathandiza kuti tauniyo igonje pa 7 May.

Mantha a Britain anatsimikizika kumapeto kwa mwezi womwewo, pomwe kamodzi mwa tisitima ting'onoting'ono ta Japan toyenda pansi pa madzi kanalowa m'doko, kuononga Ramillies ndi kumiza combo ca mafuta ca British Loyalty.

Asilikali a mu Africa

Bwanamkubwa wa Vichy, Armand Annet, anakana kupereka mbali yotsala ya cisumbu. Asilikali ambiri a Britain anafunika ku India, conco m'malo mwao munabwera magulu a ku South Africa, a King's African Rifles ocokera ku Nyasaland, Kenya ndi Tanganyika, ndiponso gulu la 27th Northern Rhodesia Brigade, lomwe linafika mu August 1942. Northern Rhodesia ndilo dziko lino la Zambia lisanalandire ufulu.

Motsogoleredwa ndi General William Platt, asilikali anatsikanso pa gombe la Majunga pa 10 September ndi la Tamatave pa 18 September. Gulu la 22nd East African Brigade linayenda makilomita oposa 500 kucoka ku Majunga ndi kulowa mu likulu la Tananarive pa 23 September. Pothawira kumwera, a Vichy anali kugwetsa milatho ndi kutseka miseu ndi mitengo ndi miyala, ndipo cochinga ciliconse cinacotsedwa ndi manja. Malungo nawo anagoneka asilikali ambiri. Pangano loleka nkhondo linasainidwa m'tauni ya Ambalavao, ndipo nkhondo inatha pa 6 November.

Zotsatira zake

Aka kanali koyamba kuti Britain iukire gombe la adani ndi gulu lalikulu cotero cicokere nkhondo ya ku Gallipoli mu 1915. Njira ya zombo inatetezeka, ndipo cisumbu cinaperekedwa kwa a Free French a General Charles de Gaulle. Asilikali ambiri a mu Africa anapitirira kukamenya nkhondo ku Burma. Anthu a ku Madagascar, omwe nkhondoyi inamenyedwera pa nthaka yao, anakhalabe pansi pa ulamuliro wa France kufikira pa 26 June 1960.