Msitu wa Asoli ndi Mtsinje wa Chalimbana

Ine ndikhala m'Mtendere, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, koma makolo anga anacokera ku Chipata. M'komboni muno alimo Acewa, Ansenga, Angoni, Abemba ndi Atonga, ndipo ambiri a ife akatifunsa kuti, "Kodi eni ace a dziko lino ndani?" timayankha kuti, "Ndi a Kanselo." Kuyankha kotere nkulakwa. Tisanafike ife, ngakhalenso Azungu, dziko lino linali la Asoli, ndipo mfumu yao yaikuru ndiyo Nkomeshya.

Njanji inafika kuno m'caka ca 1905, ndipo sitesheni anaicha dzina la nyakwawa ya pomwepo, Lusaaka. Pambuyo pace Azungu anapima mafamu m'mbali mwa njanjiyo. M'zaka za 1928 ndi 1929 Boma la Northern Rhodesia linagawa dziko, lina likhale la Mfumu ya ku Mangalande, lina losungira anthu akuda. Asoli ambiri anasiya mabwinja ndi manda a makolo ao nasunthira kum'mawa. Pofika 1935 Lusaka anasanduka likuru la dziko lonse.

Koma mwambo wao sanausiye. Caka ndi caka, mvula isanayambe, amasonkhana ku Chongwe pa mwambo wa Chakwela Makumbi, ndiko kunena kuti kukoka mitambo. Ine ndinapitako kamodzi. Mfumu Nkomeshya Mukamambo II anapempha mvula kwa Mulungu kupyolera mwa mizimu ya makolo, natentha munda, nabzala mbeu yoyamba. Ndinakumbukira agogo anga alikuthira nsembe pa kacisi, ndipo ndinazindikira kuti kwa Asoli, monga kwa Acewa, madzi ali mphatso yoti mfumu aisungire anthu onse.

Tsono kufupi ndi kwathu kuno, ca ku Leopards Hill, kuli msitu umene Boma liucha Forest 27. M'menemo ndimo mucokera mtsinje wa Chalimbana, umene umapita kukathira mu Chongwe, ndipo midzi ya Asoli imamwa ndi kuthirira madimba ndi madzi ace. Mvula ikagwa m'msitu madzi sathamanga ai. Mizu ndi masamba zimawagwira, nalowa pansi pang'onopang'ono, ndipo m'cilimwe amaturukira m'akasupe ndi m'zitsime. Cifukwa ca ici Boma la Azungu linaletsa kudula msituwo m'caka ca 1957.

M'caka ca 1983 ciletsoco cinacotsedwa. Mitengo inagwa, anthu anakumba mcenga, ndipo Chalimbana anayamba kuphwa. Anthu a m'mbali mwa mtsinje analemba kalata ya madandaulo nasainapo maina ao ambirimbiri, kufikira Pulezidenti Chiluba anabwezera ciletso m'caka ca 1996. Akuru amati madzi saiwala khwawa, ndipo zinaterodi: msitu utaphukanso, mtsinje unayambanso kuyenda.

Tikadayesa kuti phunziro limeneli lakwanira. Koma kuyambira caka ca 2017 kufikira 2019, m'nthawi ya Pulezidenti Lungu, Boma linadulanso zigawo za msituwo, ndipo anapimamo mapuloti a nyumba zazikuru. Nyakwawa za Asoli pamodzi ndi bungwe la Chalimbana River Headwaters Conservation Trust anatengera nkhaniyi ku bwalo la milandu. Mantha ao anali awiri: kuti mtsinje udzaphwanso, ndi kuti zonyansa za m'zimbudzi zidzalowa m'madzi.

Mantha aciwiriwa ife a m'makomboni tiwadziwa bwino. Pansi pa Lusaka pali miyala ya laimu yokhala ndi mphako, kotero kuti cimene munthu ataya m'dzenje lero cikhoza kupezeka m'citsime ca mnzace. Kolera atabuka m'caka ca 2017, anavuta kwambiri m'Kanyama, kumene zitsime zosazama zinayandikana ndi zimbudzi. Ngati madzi aipa pa gwero pomwe, nanga a kunsi adzamwa ciani?

Lamulo la malo la 1995 linaika dziko lonse m'manja mwa Pulezidenti kuti alisungire anthu a Zambia. Munthu wosungira anzace cuma sagulitsa asanawafunse, ndipo oyamba kufunsidwa za msitu uja ayenera kukhala Asoli, amene amwa madzi ace ciyambire kale.

Ndalemba izi cifukwa ca ana athu obadwira m'Mtendere, amene aganiza kuti madzi acokera ku mpope. Tiwauze kuti acokera ku msitu, ndi kuti msituwo uli ndi eni ace. Ife tinalandiridwa ngati alendo pa dziko la Asoli. Mlendo wa ulemu akaona mwini mudzi alikuchinjiriza citsime, sakhala pansi ndi kupenya cabe, pakuti ludzu likadza silidzafunsa mtundu wa munthu.