Mbiri ya Ndakatulo ya "Daffodils": Duwa la M'maso ndi Duwa la Mumtima

Ophunzira ambiri akapatsidwa ndakatulo yonena za duwa amathamangira kuyankha kuti mfundo yaikulu ndi kukongola kwa chilengedwe. Inu musatero, chifukwa malikisi amatayikira pomwepa. Tiyeni tione mbiri ya ndakatulo ina ya ku Mangalande yomwe anthu amangoitchula kuti "Daffodils", kuti muone momwe mbiri imathandizira kumasulira zithunzithunzi, kamvekedwe ndi kayendedwe ka mizere.

Mlakatuli wake ndi William Wordsworth yemwe adabadwa mu 1770 ndipo adamwalira mu 1850. Pa 15 Epulo 1802 iye adali paulendo wapansi ndi mlongo wake Dorothy m'mbali mwa nyanja ya Ullswater, m'chigawo cha Lake District. Kumeneko adapeza maluwa achikasu otchedwa daffodil, omwe amamasula chisanu chikamatha. Dorothy adalemba m'buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku kuti kudali chimphepo ndipo maluwawo ankaoneka ngati akuvina. William sadalembe ndakatuloyi tsiku limenelo. Adailemba patapita zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndipo idasindikizidwa mu 1807 ili ndi ndime zitatu. Mu 1815 adaonjezera ndime imodzi, zonse n'kukwana zinayi.

Tiyambe ndi zithunzithunzi. Woyankhula akudzifanizira ndi mtambo woyendayenda wokha. Ichi ndi chifanifani. Koma mbiri yatiuza kuti paulendowo adali anthu awiri. Apa phunzirani kuti woyankhula m'ndakatulo si mlakatuli weniweniyo nthawi zonse. Wordsworth adachotsamo mlongo wake kuti maluwa aoneke ngati khamu la anthu ovina lomwe likulandira munthu wosungulumwa. Chipangizo chimenechi ndi umunthu. M'ndime yomwe adaonjezera mu 1815, maluwa akufanizidwa ndi nyenyezi ndipo woyankhula akuti adaona 10,000 nthawi imodzi. Ili ndi voko, pakuti palibe adawerenga.

Tibwere ku kamvekedwe. Ndakatuloyi ikuyamba ndi kusungulumwa, kenaka ikulowa m'chisangalalo. Koma taonani aneni. M'ndime zitatu zoyambirira nkhani ikukambidwa m'nthawi yakale, pomwe m'ndime yomaliza ikukambidwa m'nthawi yatsopano: woyankhula wagona m'nyumba, maluwa aja akumubwerera m'maganizo ndipo mtima wake ukuvina nawo. Izi zikugwirizana ndi zomwe Wordsworth adalemba mu 1800 m'mawu otsogolera buku la Lyrical Ballads, zoti ndakatulo imabadwa munthu akamakumbukira ali phee zomwe zidamukhudza kale. Choncho mfundo yaikulu ndi mphamvu ya chikumbumtima cha zinthu zabwino zomwe tidaona, zomwe zimatitonthoza ngakhale duwalo litafota kalekale.

Tsopano kayendedwe ka mizere. Ndime iliyonse ili ndi mizere 6, ndipo mizere yambiri ili ndi maphatikizo 8 oyenda awiriawiri, lopepuka kutsogolo, lolemera pambuyo. Mukawerenga mokweza mumva kugunda kanayi pa mzere, ngati mapazi a munthu woyenda mosafulumira. Mzere woyamba ukuthera mofanana ndi wachitatu, wachiwiri ndi wachinayi, ndipo iwiri yomaliza ikuthera pamodzi. M'mizere ina yonena za kugwedezeka kwa maluwa, mlakatuli wayamba ndi phatikizo lolemera, ngati mphepo yakuntha mwadzidzidzi. Pamayeso musamangowerenga maphatikizo ayi, nenani ntchito yomwe akugwira.

Chenjerani pano. Muyeso umenewu ndi wa Chingerezi. Chichewa chimasiyanitsa mawu ena ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, monga mtengo womera ndi mtengo wogulira katundu. Choncho m'ndakatulo za Chichewa yang'anani chibwereza, kutalika kwa mizere ndi malo opumira. Funso lokha ndilo silisintha: kodi kayendedweka kakuthandiza bwanji uthenga?

Mu 1807 anthu ena ounika mabuku, monga Francis Jeffrey wa Edinburgh Review, adanyoza buku lomwe mudali ndakatuloyi ponena kuti mlakatuli akutaya luso pa tinthu tachabechabe. Iwo adaona maluwa okha. Pofika 1843 Wordsworth adasankhidwa kukhala mlakatuli wa ufumu wa Britain. Inu musakhale ngati ounika aja. Mukaona duwa m'ndakatulo, funsani kuti akuliona ndani, akuliona liti, ndipo lamusintha bwanji.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani mlakatuli sadatchule mlongo wake m'ndakatuloyi?
2. Fotokozani momwe kusintha kwa nthawi ya aneni kukusinthira kamvekedwe.
3. Sankhani ndakatulo ya Chichewa yonena za chomera, ndipo mupezemo chifanifani, umunthu ndi voko.