Faiba ndi makomboni a Lusaka: makina ake, eni ake ndi kugulana kwa makampani

Faiba ndi nthambo ya galasi imene imanyamula mauthenga pogwiritsa ntchito kuwala m'malo mwa magetsi. Ku Lusaka nthambo zina zinakwiriridwa m'mbali mwa misewu ikuluikulu, zina zinapachikidwa pa mizere ya magetsi ya ZESCO. M'makomboni monga Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George ndi nyumba zochepa zimene faiba inalowa, komabe pafupifupi aliyense wokhala kumeneko amaidalira tsiku ndi tsiku. Mayi wa pa kantemba akamatumiza ndalama pa Airtel Money kapena MTN MoMo, uthengawo umayenda mumlengalenga mtunda waufupi chabe, kuchoka pa foni kufika pa nsanja. Ukachoka pamenepo, mwina utadumpha nsanja ina kapena ziwiri, umalowa mu faiba.

Mmene imagwirira ntchito

Ulusi umodzi wa faiba ndi woonda ngati tsitsi la munthu, ndipo kuwala kumadutsa pakatikati pake penipeni. Kumapeto kwa ulusiwo kumakhala makina a laser amene amasandutsa mawu, zithunzi ndi manambala kukhala kuwala, ndipo kumapeto enawo makina ena amawerenga kuwalako. Mu 1966 Charles Kao ndi George Hockham, ali ku England, anasonyeza kuti galasi loyeretsedwa bwino likhoza kunyamula kuwala mtunda wautali. Kampani ya Corning ya ku America inapanga galasi lotere mu 1970, ndipo Kao analandira mphoto ya Nobel mu 2009.

Mphamvu yeniyeni ya faiba ili m'makina a kumapetowo. Luso lotchedwa DWDM limalola kuti mitundu yambirimbiri ya kuwala iyende mu ulusi umodzi nthawi imodzi, uliwonse ndi mauthenga ake. Kampani ya Ciena inatulutsa makina a mitundu 16 mu 1996. Lero makina a mitundu 80 kapena 96 ndi wamba. Cha m'ma 2008 kunabwera luso lina lotchedwa coherent, limene linachulukitsa katundu wa mtundu uliwonse wa kuwala mpaka magigabiti 100 pa sekondi, kenako 400 ndi 800. Choncho nthambo imene inakwiriridwa zaka 15 zapitazo ikhoza kunyamula zochuluka kwambiri lero popanda kukumbanso nthaka. Chofunika ndi kugula makina atsopano, ndipo apa mpamene opanga makina amakhala ndi mphamvu pa dziko lililonse logula.

Kugulana kwa opanga makina

Makampani opanga makinawa anali ambiri cha m'ma 2000, koma akhala akumezana mpaka atsala owerengeka. Alcatel ya ku France ndi Lucent ya ku America zinaphatikizana mu 2006, ndipo Nokia ya ku Finland inagula kampani yophatikizanayo mu 2016. Nortel ya ku Canada, imene inali patsogolo pa luso la coherent, inagwa ndi ngongole mu 2009, ndipo Ciena inatenga nthambi yake ya makina a faiba mu 2010. Cisco inagula Acacia mu 2021 pa madola 4.5 biliyoni, ndipo Adtran ndi ADVA ya ku Germany zinaphatikizana mu 2022.

Mbiri ya Coriant imaonetsa bwino mmene malondawa amazungulirira. Mu 2013 Nokia Siemens Networks inagulitsa nthambi yake ya makina a faiba, ndipo nthambiyo inasanduka kampani ya Coriant. Infinera ya ku California inagula Coriant mu 2018. Kenako mu June 2024 Nokia inalengeza kuti ikugula Infinera pa madola 2.3 biliyoni, ndipo malondawo anatha mu February 2025. Nthambi imene inagulitsidwa ija inabwerera kwa Nokia patapita zaka 12.

Chimene chikuchititsa zonsezi ndi mtengo wa kafukufuku. Kupanga kachipangizo katsopano kowerenga kuwala kumadya ndalama zankhaninkhani, ndipo kampani yaing'ono singabweze ndalamazo. Komanso ogula akuluakulu asintha: kale anali makampani a mafoni, tsopano Google, Meta, Microsoft ndi Amazon zikugula makina ochuluka zedi olumikizira nyumba zawo zosungiramo deta. Opanga makina amayamba amvera ogula otere, ndipo zofuna za msika waung'ono ngati wa Zambia zimabwera pambuyo.

Kampani yaikulu kuposa zonse pa msikawu ndi Huawei ya ku China, ndipo ZTE nayo ili m'gulu la zikuluzikulu. Boma la America linaika ziletso pa Huawei mu 2019, mayiko ena a ku Ulaya n'kuyamba kuchepetsa makina ake, koma mu Africa makampani awiriwa ndi ozikika. Ku Zambia ZTE ndiyo inagwira ntchito yoyala faiba ya ZESCO, ndipo MTN inakhazikitsa 5G mu November 2022 mogwirizana ndi Huawei.

Eni nthambo mu Zambia

Zambia ilibe gombe la nyanja ya mchere, choncho intaneti yake imadutsa m'mayiko oyandikana nawo kuti ikafike pa nthambo za pansi pa nyanja. Kum'mawa kuli SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010. Kumadzulo kuli WACS ya 2012 ndi Equiano ya Google, zimene zimatulukira ku Swakopmund m'dziko la Namibia. Nthambo za pamtunda zimalowa m'dziko kudzera m'malire monga Chirundu, Nakonde ndi Katima Mulilo. Zisanabwere zimenezi dziko linkadalira setilaiti, imene inali yodula ndi yochedwa.

Kuno nakonso umwini wasintha manja kangapo. MTN inalowa m'dziko pogula Telecel mu 2005. Kampani ina ya mafoni, Celtel, inasanduka Zain, ndipo Bharti Airtel ya ku India inagula nthambi zambiri za Zain za mu Africa mu 2010. Chaka chomwecho boma linagulitsa magawo 75 pa 100 a kampani yake ya mafoni, Zamtel, kwa LAP Green ya ku Libya pa madola 257 miliyoni, koma boma la Michael Sata linathetsa malondawo mu January 2012. Copperbelt Energy Corporation ndi Liquid Telecom anapanga kampani ya onse awiri, CEC Liquid Telecom, mu 2011. Mu 2018 Liquid, ya m'gulu la makampani a Strive Masiyiwa wa ku Zimbabwe, inagula theka limene linali la Copperbelt Energy Corporation n'kukhala mwini yekha. Nsanja zambiri za MTN ndi Airtel nazonso zinagulitsidwa kwa IHS Towers. Bungwe loyang'anira zonsezi ndi ZICTA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2009.

Chifukwa chake siinalowe m'makomboni

Faiba yolowa m'nyumba inayambira kumayadi monga Kabulonga ndi Rhodes Park. Mtendere ili pafupi ndi Kabulonga, ndipo Kalingalinga ili kuseri kwa yunivesite ya UNZA. Nthambo zimadutsa pafupi ndithu. Chimene chimavuta ndi mtunda wotsirizawo, wochoka pa msewu waukulu kufika pa khomo.

Makomboni ambiri anakula popanda mapulani. Tinjira ndi topanikiza, malire a mapuloti sadziwika bwino, ndipo wokumba ngalande amakumana ndi mipope ya madzi, zimbudzi zokumba ndi maziko a nyumba. Ku Kanyama thanthwe lili pafupi ndi pamwamba, madzi apansi nawonso ali pafupi, ndipo mvula ikagwa yambiri malo amasefukira. Nthambo ikayalidwa imadulidwanso ndi okonza misewu, kapena ndi akuba oyesa kuti muli kopa, chonsecho galasi la mkatimo silingagulitsidwe kwa ogula zitsulo. Kulumikiza podukapo kumafuna mmisiri wokhala ndi kamakina kowotcherera galasi. Amasenda ulusi uliwonse, kuupukuta, kuudula mowongoka ndi kuulumikiza, umodziumodzi.

Vuto lalikulu ndi kalipiridwe. Faiba ya m'nyumba imalipiridwa pamwezi ndipo imafuna munthu wokhazikika, pamene anthu ambiri a m'komboni ndi alendi a chipinda chimodzi kapena ziwiri, opeza ndalama patsikupatsiku. Iwo amagula bandulo ya tsiku kapena ya sabata. Apa pali chosalungama chimene chiyenera kunenedwa poyera: wogula pang'onopang'ono kawirikawiri amalipira zambiri pa gigabaiti iliyonse kuposa wa kumayadi amene ali ndi faiba yopanda malire, ngakhale mauthenga a onse awiri amakakumana mu nthambo imodzimodzi.

Zimene zikusintha

Luso lotchedwa GPON limalola ulusi umodzi kugawidwa ku nyumba 32 kapena 64 kudzera mu kagalasi kogawa kuwala kamene sikafuna magetsi, ndipo lotsatira lake, XGS-PON, limafika magigabiti 10 pa sekondi. Poti nyumba za m'komboni ndi zothithikana, nthambo yopachika pa mapolo ikhoza kufikira mabanja ambiri pa mtunda wochepa. Ku Kayamandi, pafupi ndi Stellenbosch ku South Africa, njira yotere inayesedwa pamodzi ndi kulipira patsiku m'malo mwa pamwezi, ndipo ndi njira yoyenera kuyesedwa ku Chawama kapena Matero.

Nayo 5G imafuna kuti nsanja zambiri zilumikizidwe ndi faiba, zimene zikukokera nthambo mkati mwa makomboni ngakhale zisafike pa makomo. Starlink, intaneti ya pa setilaiti, inayamba kugwira ntchito mu Zambia mu October 2023, koma mtengo wa mbale yake ndi woposa thumba la mabanja ambiri. Ndipo zonsezi zimatsamira pa magetsi. Mu 2024 chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, madera ambiri a Lusaka ankakhala opanda malaiti maola oposa 20 patsiku. Mabatire a nsanja ankatha, majenereta ankafuna dizilo wambiri, ndipo netiweki inkasowa ngakhale nthambo zinali zosaduka.