Maliro a Ayuda, Asilamu ndi Akhristu ku Johannesburg

Ayuda a ku Doornfontein

Doornfontein ndi dera lakale mumzinda wa Johannesburg. Kumeneku kunkakhala Ayuda ambiri ochokera ku Lithuania. Sunagoge wawo, Lions Shul, wapitirira zaka 100 ndipo akadalipo, ndi ziboliboli ziwiri za mikango pakhomo.

Myuda akamwalira, ntchito yonse imagwera a Chevra Kadisha, bungwe lomwe lidayamba mu 1888. Amenewa ndiwo adzukulu a Ayuda. Amasambitsa thupi, kuliveka nsalu yoyera ndi kuliika m'bokosi la matabwa wamba. Bokosi la mwini sitolo ndi la wantchito wake sizisiyana. Maliro sachedwa, koma pa Sabata saika. Abale amakhala pansi masiku 7 akulira. Wobwera kudzaona manda sanyamula nkhata ya maluwa: amatola kamwala n'kusiya pa chiliza.

Asilamu

Nawonso sagoneka maliro. Thupi amalikulunga mu sanda, nsalu yoyera yosasoka, n'kulinyamula pa jeneza. Swala ya maliro imapempheredwa choimirira, popanda kugwada. M'manda womwalira amamugoneka chakumanja, nkhope kuloza ku Mecca.

Ahmed Kathrada, mnzake wa Nelson Mandela kundende ya Robben Island, adamwalira pa 28 Malichi 2017. Mawa lake anali ataikidwa kale kumanda a Westpark, ngakhale anali munthu wotchuka chotere.

Akhristu

Akhristu ambiri amadikira. Thupi limasungidwa kumotchale mpaka abale akutali afike, ndipo maliro ochuluka amachitika Loweruka, tsiku lomwe anthu sapita kuntchito. Amalawi a ku Joni nthawi zambiri amasonkha ndalama kuti thupi likagone kumudzi, ulendo wodzera ku Beitbridge ndi ku Tete.

Manda amodzi, magawo osiyana

Manda a Braamfontein adatsegulidwa mu 1888, a Westpark mu 1942. Konseku chipembedzo chilichonse chili ndi gawo lake. Ku Westpark kuli chipilala chokumbukira Ayuda 6 miliyoni omwe adaphedwa ndi chipani cha Nazi.

Ku Braamfontein kudagona Enoch Sontonga, mphunzitsi yemwe adapeka nyimbo ya Nkosi Sikelel' iAfrika. Adamwalira mu 1905, ndipo malo omwe adaikidwa adaiwalika. Ofufuza adachita kusanthula m'kaundula wakale wa manda kuti awapeze, ndipo pa 24 Seputembala 1996 Mandela adavundukula chiliza chake.