Dzenje likadzadza: mbiri ya zimbudzi m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Kwa zaka zambiri funso la mlangizi wa zaumoyo akafika pakhomo linali limodzi: kodi pano pali chimbudzi? Mafomu a kalembera ankafunsa zomwezo, ndipo mafumu ankayamikiridwa kapena kudzudzulidwa potengera yankho lake. Funso lachiwiri, lakuti dzenjelo latsala pati kuti lidzadze ndipo likadzadza kudzachitika chiyani, labwera mochedwa kwambiri. Mbiri ya maboma a Dowa ndi Ntchisi ikuonetsa chifukwa chake.

M'nthawi ya atsamunda, kuchotsa zonyansa inali nkhani ya m'tauni. Ku Zomba ndi ku Blantyre kunali zimbudzi za ndowa, zomwe antchito ankazikhuthula ndi kukataya kunja kwa tauni. Kumidzi boma linkangolamula kuti anthu akumbe maenje, ndipo lamulo la zaumoyo la mu 1948 linapereka mphamvu zokakamizira zimenezi. Dzenje likadzadza ankalikwirira n'kukumba lina pambali. Malo analipo, choncho panalibe woganiza zopopa.

Kolera atalowa m'dziko muno koyamba mu 1973, boma linalemba anthu othandiza kulimbana ndi matendawa m'midzi. Gulu limeneli, pamodzi ndi omwe ankapereka katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960, ndilo linadzakula n'kukhala ma HSA a lero, omwe ambiri a m'chigawo chapakati anaphunzira ntchito yawo pa Mponela m'boma la Dowa. Ntchito yawo pa zimbudzi inali kuwerenga ndi kulimbikitsa. Luso latsopano lomwe linabwera m'zaka zotsatira nalonso linali la kamangidwe. Ku Zimbabwe, Peter Morgan wa ku Blair Research Laboratory anakonza chimbudzi cha paipi yotulutsa fungo ndi kukola ntchentche, chomwe timachitcha VIP. Björn Brandberg, yemwe anayamba ntchito yake ku Mozambique, anakonza silabu ya simenti ya SanPlat kuno ku Malawi m'zaka za m'ma 1980. Zonsezi zinakonza pamwamba pa dzenje. Za pansi pake zinatsala momwe zinalili.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 2008 pomwe njira ya CLTS, yomwe Kamal Kar anayambitsa ku Bangladesh, inafika m'dziko muno. M'malo mogawa simenti, alangizi ankayenda ndi anthu kukaona kutchire komwe amadzithandizira, mpaka mudzi wonse uchite manyazi n'kugwirizana zokumba. Mu 2011 boma linakhazikitsa ndondomeko yofuna kuti pofika 2015 pasakhale munthu wochitira chimbudzi patchire. Chaka chimenecho chinadutsa cholingacho chisanakwaniritsidwe, koma Ntchisi, yomwe inali mwa maboma asanu ndi limodzi othandizidwa ndi thumba la Global Sanitation Fund kudzera ku Plan International, inapita patsogolo. Dowa ndi Ntchisi zinalowa m'gulu la maboma oyambirira kulengezedwa kuti athetsa mchitidwewu, pamodzi ndi Balaka ndi Nkhotakota. Ichi chinali chipambano chenicheni, ndipo mafumu, makomiti a zaumoyo a m'midzi ndi anthu ongodzipereka ndiwo anakhetsa thukuta.

Koma maenje zikwizikwi okumbidwa m'zaka zofanana amadzadzanso m'zaka zofanana. Masamu ake ndi osavuta. Mabuku a bungwe la WHO amati munthu mmodzi amasiya malita 40 mpaka 60 a zotsalira m'dzenje pachaka, ndipo amafika 90 ngati anthu amadzipukutira zinthu zosaola msanga. Dzenje limatengedwa kuti ladzadza zonyansa zikafika theka la mita kuchokera pamwamba. Dzenje lozungulira la mita imodzi m'mimba mwake ndi mamita atatu kuya limasunga malita pafupifupi 2,000 lisanafike pamzere umenewo. Banja la anthu asanu ndi mmodzi, pa malita 60 aliyense, limalidzadza m'zaka zisanu ndi theka. Ndiye kuti dzenje lomwe linawerengedwa pa chikondwerero cha mudzi, ngati silinagwe ndi mvula, lero linadzadza kale.

Nthaka ya maboma awiriwa imasokoneza masamuwa mbali zonse. Kum'mawa, m'mapiri otsetsereka cha ku Mvera ndi kuzungulira nkhalango ya Ntchisi, wokumba amakumana ndi thanthwe asanafike patali, ndipo dzenje losaya limadzadza msanga. Kumadzulo, m'zigwa za Mponela, Madisi ndi Malomo, makomo oyandikana ndi madambo amavutika ndi madzi apansi omwe amakwera m'dzinja. Dzenje lomwe mu Okutobala linali ndi malo ambiri limaoneka lodzadza mu Febuluwale, kenaka n'kutsikanso. Mwini wake akanena kuti ladzadza sakunama, koma sakunenanso zoona zenizeni.

Apa ndi pomwe pali vuto lomwe mbiri yonseyi inalidumpha: kuyeza. Kuunika ndi tochi pabowo kumanyenga, chifukwa zonyansa zimaunjikana ngati chulu pansi pa bowolo pomwe m'mbali muli mpata. Thanki ya chimbudzi chamadzi imanyenga koposa. Septic tank yogwira bwino ntchito imaoneka yodzadza nthawi zonse, popeza madzi amayenera kufika pa paipi yotulukira. Chofunika kudziwa ndi kuchuluka kwa matope apansi ndi chikhakha chapamwamba. Njira yakale ndi kukulunga nsalu yoyera kunsonga ya ndodo yaitali, kuilowetsa mpaka pansi, kudikira pang'ono, n'kuona pomwe matope akuda afika. Matope ndi chikhakha zikatenga theka la thanki kapena kupitirira, nthawi yopopa yakwana. Pa zipatala zazing'ono ndi m'sukulu zogonera, kawirikawiri chizindikiro chomwe anthu amadikira ndi fungo kapena madzi akuda pabwalo, pomwe matope atatseka kale dzenje lomwetsa madzi.

Wina angaganize kuti makina ndiwo yankho. Nkhani ya ku America ikuchenjeza. Kumeneko anthu ambiri ali ndi galimoto zokhala ndi chipinda chogona, khitchini ndi chimbudzi, ndipo zonyansa zimasungidwa m'thanki pansi pa galimotoyo. M'khoma la thankiyo amaboola tizitsulo tomwe timayatsa nyali yosonyeza kuti zafika pati. Pepala lonyowa likamatirira pa tizitsuloto, nyali imanena kuti thanki ndi yodzadza ngakhale angoikhuthula kumene. Eni ake anazolowera kusakhulupirira nyaliyo: amatsuka thanki ndi madzi ambiri, n'kumawerenga masiku ndi anthu omwe agwiritsa ntchito. Ngati zili choncho pa thanki yapulasitiki ya malita ochepera 200, nanji dzenje la pasukulu lomwe muli zitsononkho, miyala, mabotolo ndi matewera. Kope lolembamo tsiku lomwe dzenje linayamba kugwira ntchito, kuya kwake ndi chiwerengero cha ogwiritsa ntchito limanena zoona kuposa chipangizo chomwe chadetsedwa.

Malo omwe funso lopopa silingazembedwe ndi Dzaleka. Malowa anali ndende ya andale m'nthawi ya Dr. Hastings Kamuzu Banda, ndipo mu 1994 anasanduka kampu ya anthu othawa kwawo. Anakonzedwera anthu 10,000 mpaka 12,000, koma m'zaka zaposachedwa chiwerengero chinapitirira 50,000. Nyumba zikathithikana chotero, njira ya makolo yokwirira ndi kukumba pambali imatha yokha. Mponela, yemwe akukula m'mbali mwa msewu wa M1, akulowera komweko, monganso misika ndi sukulu za pulayimale zomwe zimbudzi zake ndi za njerwa, zosasunthika.

Zipangizo zopopera zili ndi mbiri yake. Galimoto yathanki imakoka bwino zamadzimadzi za mu septic tank, koma imalephera matope ouma a m'dzenje, imafuna msewu, ndipo ulendo wochokera ku Lilongwe mpaka kuseri kwa phiri la Ntchisi mtengo wake umakwera ndi mafuta. Makina aang'ono a Vacutug anayesedwa ku Kibera mu mzinda wa Nairobi m'zaka za m'ma 1990. Mpope wamanja wa Gulper, womwe Steve Sugden wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine anakonza, unafalitsidwa ku Blantyre ndi bungwe la Water For People kudzera mwa amalonda ang'onoang'ono. Gulper safika pansi penipeni pa dzenje lakuya ndipo amatsekeka ndi zinyalala. Dzenje losamangira njerwa m'kati likhoza kugumuka pomwe akulipopa. Pomwe zipangizozi palibe, ntchitoyi imagwiridwa usiku ndi fosholo ndi ndowa, popanda magolovesi kapena majombo, ndipo wolowa m'thanki akhoza kukomoka ndi mpweya woipa asanakuwe n'komwe.

Chotsalira ndi kokataya. Mazira a njoka za m'mimba amakhala amoyo m'matopewa kwa nthawi yaitali, n'chifukwa chake dzenje lokwiriridwa liyenera kukhala zaka ziwiri lisanafukulidwe, ndipo ndi pa mfundo yodikirayi pomwe panachokera zimbudzi za maenje awiri osinthana za Fossa Alterna. Matope opopedwa lero sanadikire. Akatayidwa m'khwawa la m'phiri, mvula yoyamba imawatsitsira ku zitsime za kumunsi. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 unafika m'maboma onse a dziko lino, unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 772,569 m'boma la Dowa ndi 317,069 m'boma la Ntchisi. Pa malita 40 okha munthu aliyense, amenewo ndi malita oposa 43 miliyoni olowa m'maenje a maboma awiriwa chaka chilichonse.